Pulagi M'thumba la Ovololo

A Sajeni anakhuthula jumbo patebulo ngati munthu amene watopa nako kukhuthula majumbo a anthu akufa. Munatuluka wotchi yosweka galasi, makiyi awiri, kachidutswa ka choko, mandala omanga ndi waya, ndi kachitsulo kamkuwa kokula ngati chala chachikulu chakuphazi.

"Ndi zimene zinali m'matumba a ovololo ya bambo ako," anatero mayiwo. "Ona ngati zakwana, usayine apa. Pepa, mwanawe."

Mnyamatayo anthu ankamutchula Pulofesa. Dzinali linayamba ngati ulemu pamene ankapita kukoleji, linasanduka chipongwe atabwerako chaka chachiwiri chisanathe, ndipo iye analibe mphamvu zolikana. Panali patapita masiku asanu ndi anayi chiikireni bambo ake m'manda. Bambowo anali makanika wa kumyuziyamu ya asilikali, kumene amasunga malole akale ankhondo oti ana asukulu azikawaona. Lolemba lina m'mawa, akuwotcherera thanki ya petulo ya lole imodzi, thankiyo inaphulika.

Pepala loti asayinelo linali ndi mzere umodzi umene maso ake anakakamirapo: Malemu anawotcherera thanki yosatsuka. Ngozi yodza ndi kusasamala.

Anasiya cholembera n'kutola kachitsulo kamkuwa kaja. Kanali kozizira, koyera bwino, mizere yake yopaka girisi pang'ono.

"Mayi Sajeni, thanki yophulikayo ili kuti?"

"Konko kushedi. Tinaizinga tepi."

"Pulagi yake ilipo?"

"Pulagi ndiye chiyani?"

"Iyi." Anaikweza. "Kunsi kwa thanki kuli bowo lokhetsera mafuta. Ichi ndiye chotsekera chake. Bambo fungo sankalimva, mphuno inafa kalekale ndi petulo yemweyo. Ndiye akatsuka thanki, madzi otentha ndi sopo katatu, n'kuisiya masiku awiri kuti iume, pulagi ankaiika m'thumba. Sinkabwerera pathanki mpaka moto utazima. Ankati mphuno yawo ndi thumbalo. Akagwira m'thumba n'kupeza pulagi, ndiye kuti thanki ndi yotsuka, angathe kuyatsa."

A Sajeni anatikita chikope ndi chala. Nsapato anali atazivula kunsi kwa tebulo.

"Mwana aliyense amene anakhalapo pampando umenewo amandiuza kuti bambo ake anali munthu wosamala. Fayilo iyi ikupita kwa akuluakulu folo koloko. Ikapita, yapita."

"Tikapeza bowo lili pululu, ndiye kuti anatsuka moperewera. Ndisayina, ndizipita kwathu."

"Nanga tikapeza lotseka?"

"Thanki imodzi sikhala ndi mapulagi awiri."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kufufuza nsapato ndi phazi.

*

Shediyo inali ya malata, yaitali, yotentha ngati uvuni. Malole atatu obiriwira anaima mondondozana, mphuno zawo zazitali zitaloza kukhomo. Kudenga kunali banga lakuda. Pulofesa sanafune kuliyang'ana, ndiye maso ake anagwera pabenchi ya bambo ake. Pamenepo panali pampu ya mafuta yophwasula, zidutswa zake zitayalidwa panyuzipepala kuchokera kumanzere kupita kumanja monga momwe anazichotsera: kambale kagalasi kotsalira zinyalala, kasefa, sipuling'i, chikopa chong'aluka, ndi chikopa chatsopano chodikira pambali. Palibe anali atazigwira. Fumbi lokha.

Thankiyo inali pakona, itang'ambika m'mbali ngati chitini chopondedwa ndi galimoto. Anagwirizana ndi a Sajeni kuitembenuza. Inagwa ndi phokoso limene linautsa njiwa kudenga.

Pulagi inalipo. Inali yakuda, yomatirira ndi dzimbiri ngati inabadwira pomwepo. Koma pamutu pake panali timizere tiwiri tonyezimira, tatsopano.

"Wina analimbana nayo," anatero Pulofesa. "Inamukanika."

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Iyi si thanki imene bambo anatsuka."

A Sajeni anatulutsa kabuku. Sanaoneke okondwa. Anaoneka ngati munthu amene amuuza kuti basi imene amadikira yafa.

Woyamba kufunsidwa anali a Bwana, woyang'anira myuziyamu, amene anafika atakulunga mpango kutsaya.

"Ife monga ofesi, mayi, tinapereka kale ndemanga yathu. Malemu anali wantchito wodalirika, koma ukalamba, mukudziwa, ukalamba sulemba kalata."

"Lachisanu munawaona akutsuka thanki?"

"Kuwaona? Madzi a sopo anafika mpaka pakhomo la ofesi yanga. Ndinachita kuwalembera kakalata kodandaula, kali m'fayilo."

"Izi bwanji simunanene poyamba?"

"Simunafunse za madzi, mayi. Munafunsa za moto."

"Makiyi a shedi ino ali ndi ndani?"

"Ine, malemu, ndi dalaivala wathu, mng'ono wawo wa malemu yemweyo. A Hutala. Loweruka timatseka, Lamulungu timatsegula zipinda zam'mwamba zokha."

"Inuyo Loweruka munali kuti?"

A Bwana anamasula mpango, n'kutsegula kukamwa, n'kuloza mpata wofiira.

"Dzino linachoka Loweruka m'mawa. Linalo lachoka dzulo. Dokotala angachitire umboni, ngakhale kuti ndi munthu wopanda chifundo."

Wachiwiri anali mayi wosesa. Iwo sanadikire kuitanidwa. Anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, atatsamira tsache.

"Ine ndimangosesa, bwana, sindiona kanthu. Koma tsache limaona."

"Linaona chiyani?"

"Lachisanu pansi apa panali poyera ngati mbale, madzi onse aja. Lolemba m'mawa ndikupeza kunsi kwa thanki kuli udzu wouma, dothi, ndi nyerere zonyamula mazira. Nyerere m'shedi muno? Zidya chiyani, girisi? Ndi mkukuluzi wa tayala la wilibala kuchokera kukhomo lakumbuyo. Ndinangoti mwina ndi zintchito zawo amunawa, ndinasesa."

"Malemu sanadabwe ndi thankiyo?"

"Adabwa bwanji? Utoto womwewo, msinkhu womwewo, chivindikiro chapamwamba chochotsa. Ndi kamzere ka choko kozungulira podontha, monga amalembera iwo. Maso awo mukuwadziwa, mandala aja omanga ndi waya." Anatembenukira kwa Pulofesa, mawu awo n'kutsika. "Ndinawaona, mwanawe. Anagwira m'thumba, apa, kawiri, monga mwa masiku onse. Akuti, mayi, tasunthirani panja, ndikuyatsa. Ndinangofika pampopi."

Pulofesa anayang'ana pampu ya pabenchi ija mpaka zidutswa zake zinasiya kuyandama.

"Khomo lakumbuyolo limapita kuti?" anafunsa a Sajeni.

"Kwa Chigoba," anatero mayi wosesa.

*

Chigoba inali lole yachinayi, imene inafa Pulofesa ali ku pulayimale. Inakhala kuseri kwa shedi pamiyala, yopanda matayala, udzu utamera mpaka m'mawindo. Bambo ake ankaitchula kuti sitolo, chifukwa chilichonse chikasowa pa malole atatu aja ankakachotsa kumeneko.

Udzu wa kumbali yakumanja unali wogona. Malamba awiri achitsulo amene ankagwira thanki anali lende, opanda chogwira. Pachopondera pa chitseko panali mabawuti anayi, ataikidwa pamzere.

A Sajeni anatola limodzi.

"Wakuba waudongo."

"Taonani makona ake," anatero Pulofesa. Anamva mawu a bambo ake akutuluka m'kamwa mwake ndipo sanathe kuwaletsa. "Onse ali bwinobwino. Malole awa anapangidwa ndi miyeso yakale. Sipanala ya masiku ano sikwana pabawuti ili. Imaterereka, imadya makona, mutu n'kukhala wobulungira. Amene anamasula apa anali ndi sipanala yokwana ndendende."

"Masipanala oterewa ali ndi ndani?"

"Bambo okha. M'tauni muno simungawagule."

"Amawasunga m'shedimu?"

"Ayi. Lachisanu lililonse ankabwera nawo kunyumba. Chikwama chachinsalu, kunsi kwa bedi."

"Loweruka lija chikwamacho chinali kuti?"



Loweruka lija Pulofesa analikumbukira bwino, chifukwa linali ngati masiku ena onse. Bambo ndi mayi anali atapita kukaona wodwala. Iye anali chigonere pampando wautali dzuwa lili pamutu, atafunda nkhope ndi buku limene sankaliwerenga. Dzulo lake bambo anali atamupempha kuti Lolemba apite nawo kuntchito akawagwirire tochi, maso akuvuta. Iye anayankha kuti sanapite kukoleji kuti azikagwira tochi. Bambowo sanakalipe. Anangoti, chabwino, Pulofesa. Kanali koyamba kumutchula dzinalo.

Ndiye kunamveka kugogoda, ndi mluzu umene m'banja monse ankaudziwa. Bambo aang'ono, a Hutala. Mwana wanga, tandipatsa chikwama cha achimwene, geti yanga yagwa. Iye anadzuka monyinyirika, anachikoka kunsi kwa bedi, n'kuchikankhira kukhomo ndi phazi. Chinabwerera Lamulungu masana. Sanafunse kuti geti yogula chaka chatha ikufuniranji masipanala a nthawi ya nkhondo. Sanauze aliyense. Anabwerera pampando.

"Ndakufunsa," anatero a Sajeni.

"Sindikukumbuka."

Mayiwo anakhala pachopondera cha Chigoba, anavula nsapato imodzi, n'kugwedeza kamwala kanali m'katimo.

"Tamvera, mwanawe. M'mawa uno bambo ako anali munthu wosasamala basi. Iwe wandikokera kuno, wandionetsa kuti thanki yabwino inabedwa, ndipo inabedwa ndi masipanala awo. Ngati chikwama sichinachoke m'nyumba mwawo, ndilemba chiyani? Ndilemba kuti anasintha okha, anagulitsa okha, Lolemba n'kuiwala. Wosasamala, wakubanso. Sindikufuna kulemba zimenezo, koma cholembera changa chimatsata zimene ndauzidwa." Anayang'ana wotchi. "Yangokwana thu koloko. Ine ndipuma pano pamthunzi. Miyendo iyi si yaboma."

*

Pulofesa anawapeza a Hutala pakhomo la shedi, atatsegula boneti ya lole yoyamba, theka la thupi lili m'katimo. Ankapopa kampini ka pampu ndi chala, kuti petulo akwere kuchokera kuthanki. Kambale kagalasi kankadzaza pang'onopang'ono, thovu likukwera.

Anali munthu wamkulu thupi, wa nthabwala, amene pa tsiku la alendo ankavala chipewa chachitsulo n'kumangoliza hutala mpaka ana kugwa ndi phwete. Masiku asanu ndi anayi awa anali ataphwa. Tsiku lililonse akaweruka ankadzera kunyumba kwa mlamu wawo ndi kajumbo ka shuga kapena sopo. Bokosi la maliro anagula ndi iwo, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo, ndipo anthu kumanda ankanong'onezana kuti ubale ndi umenewu.

"Pulofesa," anatero osatulutsa mutu. "Wabwera kudzatenga mpando wa bambo ako? Bwera, undigwirire apa. Ichi chikungomeza mpweya. Achimwene akanangochiyang'ana, chikanachita manyazi n'kulira chokha."

Pulofesa anaika pulagi yamkuwa ija pa madigadi. Inalira pang'ono pachitsulopo.

Chala chija chinasiya kupopa. Petulo wa m'kambale anayamba kubwerera pansi.

"Geti ija inakonzeka, bambo?"

A Hutala anatulutsa mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana pulagiyo, anapukuta manja pansalu, anapukutanso, ngakhale kuti manjawo anali atayera kale.

"Apolisi ndi amene akupatsa?"

"Inali m'thumba mwawo."

"Ndinadziwa kuti ili m'menemo. Masiku onsewa ndakhala ndikuiona, ndikatseka maso." Anakhala pabampala, lole yonse n'kutsika pang'ono. "Ndinayesa, mwana wanga. Mulungu akudziwa. Ndinagona pansi apo ndi sipanala, kukoka mpaka chala ichi kusupuka, kuti ndichotse ya Chigobayo. Inakana. Ndiye ndinaigwedeza thankiyo, ndinaika khutu. Zii. Ndinanunkhiza, fungo la dzimbiri lokhalokha. Zaka khumi ndi zingati ili padzuwa? Ndinati muli chiyani muno, mwauma kalekale."

"Simuuma. Petulo wakale amasanduka phula, amamatirira m'makona. Akamva moto amadzuka."

"Ine ndine dalaivala. Ndimadziwa kuti geji ikagona pansi, mafuta atha."

"Koma za thumba munkazidziwa."

A Hutala anapinda nsalu ija pabondo.

"Choko munalemba ndinu?"

"Ndinaonera pa inzakeyo."

"Thanki ya bambo ili kuti?"

"Kuli mkulu wina amasonkhanitsa magalimoto oterewa kumunda kwake. Wakhala akundivutitsa chaka chonse. Ya Chigoba anaikana, akuti yadyeka kunsi. Ankafuna yabwino." Anaseka kuseka kopanda mano. "Ndinati achimwene akapeza mabowo khumi m'malo mwa limodzi, adzangotukwana pang'ono n'kuwatseka onse. Munthu uja ankakonza chilichonse. Kuyambira tili ana, ine kuswa, iye kukonza. Ndinati n'chimodzimodzi."

Njiwa zinali zitabwerera kudenga. Pulofesa ankafuna kukwiya. Anaufufuza mkwiyowo m'chifuwa monse ngati munthu wofufuza machesi mumdima, koma anangopeza kutopa, ndi chinthu china chimene sanafune kuchifunsa koma chinatuluka chokha.

"Bokosi lija."

A Hutala anaphimba nkhope ndi nsalu yamafuta ija.

"Sindikanatha kudyera ndalama imeneyo. Ndikanaitani? Ndinati ibwerere kwa mwini wake."

Kunja basi ya ana asukulu inali kufika, aphunzitsi akukuwa kuti aime pamzere.

"Mwana wanga," anatero a Hutala, mawu ali m'nsalu. "Madzi akatayika saoleka. Achimwene sadzuka. Mayi ako atsala ndi ndani? Iwe sugwira ntchito. Azing'ono ako kwathu kuja ndi atatu. Papepala paja angolemba ngozi, si ngozi nanga? Pepala ndi pepala. Akufa samawerenga."

Zinali zoona, ndipo Pulofesa anaziona zonse bwinobwino: mayi ake akulandira kajumbo ka shuga, ana atatu aja amene ankamutchula kuti achimwene, nyumba ziwiri zimene zinali ngati imodzi. Anaonanso chikwama chachinsalu chikutsetsereka pasimenti, phazi lake lili pambuyo. Akatchula a Hutala, ayenera kutchulanso phazi limenelo. Akanapita kukagwira tochi, akanawerama, akanaona pulagi yakuda kunsi kwa thanki. Zimenezo palibe wapolisi akanazilemba, koma zinali zolembedwa kale.

"Zaka makumi atatu," anatero Pulofesa, "munthu wopanda mphuno, mathanki onse awa, osapsa ngakhale nsidze. Anagwira m'thumba kawiri, bambo. Sanalakwitse kanthu. Ndicho chinthu chokha chimene atsala nacho."

Anatola pulagi ija.

"Mukawauza nokha kapena ndikawauze ine?"

A Hutala anatsitsa nsalu. Anaimirira, anatseka boneti mosamala, anakoka zokowera zake zonse ziwiri, monga mkulu wawo ankafunira.

"Ali kuti?"

"Kwa Chigoba."

"Ndiyambe ndine. Iwe ubwere pambuyo."

*

A Sajeni analemba masamba atatu ataika kabuku pabondo. Sanakweze mawu, sanatulutse unyolo. Atamaliza ndi a Hutala anafunsa Pulofesa za chikwama, ndipo iye ananena zonse, ndi za phazi zomwe.

"Za phazizo sindilemba," anatero mayiwo. "Si mlandu."

Anatulutsa pepala lija m'fayilo, analiyala pa madigadi a Chigoba, n'kudula mzere uja ndi cholembera, kawiri. Pamwamba pake analemba mawu ena ang'onoang'ono n'kumuonetsa. Malemu anatsuka thanki monga mwa ntchito yawo. Thanki inasinthidwa iwo osadziwa.

Pulofesa anawerenga katatu. Ankayembekezera kuti china chake chimasuka m'chifuwa. Sichinamasuke. Chinangosuntha malo.

"Pulagiyo ndipatse," anatero a Sajeni. "Ndi umboni tsopano. Udzaitenga mlandu ukatha."

Anaipereka. Mayiwo anaiponya m'kajumbo, anavala nsapato, n'kuuza a Hutala kuti atsogole. Anadutsa pakati pa ana asukulu aja. Mwana wina anawazindikira a dalaivala n'kukuwa kuti alize hutala, ndipo a Hutala anakweza dzanja pang'ono, osatembenuka.

Pulofesa anabwerera m'shedi. Anaima pabenchi, anauzira fumbi panyuzipepala, anatenga chikopa chatsopano chija n'kuchiika m'malo mwake. Anatsatira zidutswazo kuchokera kumanja kubwerera kumanzere, sipuling'i, kasefa, kambale kagalasi. Bambo ake anali ataziyala moti ngakhale munthu wosamaliza sukulu sakanasokoneza. Atamanga, anakankha kampini ndi chala. Pampuyo inapuma, fuu, fuu, ngati kamwana kagona.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Chitseko chinali chotsegula. Mayi ake anali m'katimo, atavala zakuda, akuyala makapu atatu patebulo.

"Ndiwe?" anafunsa osatembenuka. "Bambo ako aang'ono sunawaone? Madzi awira kale, nthawi yawo ndi ino."

Pulofesa anaima pakhomo. Dzanja lake linapita lokha m'thumba, linagwira kamodzi, linagwiranso. Munalibe kanthu.

"Amayi," anatero, "takhalani pansi."